Mwana wokulira pakhomo pa ena akamaliza Giredi 12, amuperekeza ndani?

Telala wa ku Kapata:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pali nkhani yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Kunabwera kamtsikana pamalo pomwe ndisokera, kudzaikitsa zipi ya siketi. Pocheza ndinamva kuti kanamaliza Giredi 12 chaka chatha, ma credit asanu, Chingerezi ndi masamu momwemo. Ndinafunsa kuti nanga tsopano uchita chiyani? Akuti ndilera mwana wa asuweni anga. Makolo ake anamwalira kali Giredi 4, kakulira kwa azakhali. Za ngongole ya ophunzira ya HELSB sikanamvepo. Za bursary ya CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha constituency, kanangomva pa wailesi, n'kumaganiza kuti ndi ya ana a anthu odziwika. Chaka chathunthu chapita pamsana pali mwana wa wina.

Ndinadziona ndekha mwa iye. Inenso amai anatisiya ndili ndi zaka 9, ndinakulira kwa amalume. Sanandimane nsima, sanandimane sukulu, Mulungu awasunge. Koma nditamaliza panalibe wondiuza kuti khomo lotsatira ndi liti. Ndinakhala zaka zitatu ndikugulitsa zitumbuwa, mpaka mkazi wina amene anakuliranso kwa achibale anandigwira dzanja n'kukandisiya pa makina osokera. Sanandipatse ngwee ngakhale imodzi. Anangoyenda nane.

Ndiye ndifunsa: ife amene tinakulira m'manja mwa ena ndipo lero tikudziguliranso sopo tokha, sitingatenge aliyense mng'ono mmodzi n'kumayenda naye? Pachinamwali namwali samusiya yekha, amakhala ndi phungu wake, munthu woti anadutsamo kale. Ndifuna zoterozo, koma pa za sukulu ndi ntchito.

Wowotcherera wa ku Mchini:
Mlongo wanga, mwandikhudza pachilonda. Ine sindinakulire kwa achibale, ndinakulira kunyumba yosungirako ana. Kumeneko belu ndiye linali kutiuza zonse: kudzuka, kudya, kuwerenga, kugona. Tsiku lotuluka anandipatsa chikwama, bulangete ndi ndalama ya basi. Ndinali ndi zaka 19 koma sindinali kudziwa mtengo wa kathumba ka ufa, sindinali kudziwa kuti lendi amalipira mwezi usanayambe. Ndalama yoyamba yomwe ndinapeza pa ganyu inatha masiku awiri. Palibe amene anandibera. Ndinalibe chabe munthu wondiuza kuti iyi ya lendi, iyi ya ndiwo, iyi usakhudze. Ndilembeni, ndili pomwepo.

Wa ku Petauke:
Maganizo ndi abwino koma tinene zoona. Ana awa chomwe asowa ndi ndalama. Uphungu sadya. Titayambitsa thumba loti aliyense aziponyamo K20 pamwezi, zingathandize kuposa kuyenda nawo m'maofesi.

Telala wa ku Kapata:
Akulu anga a ku Petauke, sindikana kuti ndalama ifunika. Koma kamtsikana ndanena kaja ndalama yake ilipo kale, ili ku khansolo, ikudikira fomu. Chomwe kanasowa ndi munthu woti anene kuti vala nsapato tipite.

Aphunzitsi Opuma:
Ana anga, ndaphunzitsa zaka zambiri m'masukulu a kuno kum'mawa, lolani ndiikepo pang'ono. Zimene anena atelala n'zoona, zinthu zasintha kusiyana ndi nthawi imene ambiri a inu munali pasukulu. Kuyambira Januwale 2022 masukulu a boma salipiritsa mpaka Giredi 12. Chaka chomwecho ndalama ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. Mkati mwake muli bursary ya mitundu iwiri: ya ana osowa a ku sekondale zogonera komweko, ndi ya achinyamata ofuna maphunziro a luso la manja. Fomu ipita kudzera ku komiti ya chitukuko ya ward yanu, ija timati WDC, kenako ikafika ku komiti ya CDF. Pa bursary ya luso pafunika reji yobiriwira, chitupa chija cha unzika, ndi kalata yosonyeza kuti sukulu yakulandira. Tili ndi Chipata Trades pompano, ku Ukwimi kulinso ina. Sukuluyo ikhale yolembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso, apo ayi mwana adzatuluka ndi pepala lopanda ntchito.

Koma chimene ndinaona ine m'kalasi ndi ichi. Mwana wokulira pakhomo pa ena amaphunzira msanga kusapempha. Amadziwa kuti cholembera chikatha adikire ana a eni nyumba ayambe agulilidwa. Akula nacho chimenecho. Ndiye ukamuuza kuti pita ku khansolo ukafunse fomu, iye amafika pachipata, n'kuona anthu ovala bwino akulowa ndi kutuluka, n'kubwerera. Kunyumba akanena kuti mafomu atha. Sanama chifukwa cha ulesi ayi. Timati safunsa anadya phula, koma mwana uyu moyo unamuphunzitsa kuti wofunsa ndiye amakalipiridwa.

Namwino wa ku Katete:
Aphunzitsi, mwanena za ine ndendende. Ndinabwerera pachipata kawiri.

Amake Mapasa:
Ndawerenga zonse ndipo mtima wanga sunakhale bwino. Ine ndine mmodzi wa "eni nyumba" amene mukunenawo. Ndili ndi ana anga anayi, kuonjezapo atatu a malemu mng'ono wanga. Amuna anga ndi mlimi, ndipo mudziwa nonse mmene chilala cha 2024 chinatichitira, chimanga chinapsa chisanamasule. Chaka chimenecho palibe mwana anagona kunja, palibe amene ndinamutulutsa sukulu. Lero kubwere munthu wachilendo azitenga mwana wanga kumapita naye m'maofesi, aneba adzati chiyani? Adzati amake mapasa alephera, kapena amazunza ana amasiye. Ndipo mwanayo akayamba kumvera wakunja kuposa ine, ndidzamulera bwanji? Si onse olera ana a achibale ali ndi nkhanza. Ambiri tingotopa, komanso za HELSB zimenezo ifenso sitizidziwa. Ine ndinalekera Giredi 7.

Telala wa ku Kapata:
Amai, pepani ngati mawu anga akulasani. Amalume amene anandilera ine anali ngati inu, olimbika, otopa, osadziwa za mafomu. Sindinawadandaulepo. Ndipo mwatithandiza, chifukwa mbali iyi sindinaiganize bwino. Phungu sangalowe pakhomo podumpha mpanda. Ayambe wafika, aodire, akhale pamphasa, afotokoze kwa olera mwanayo chomwe wabwerera. Akakana, tibwerere mwaulemu n'kudzayesanso tsiku lina, mwina ndi akulu a mpingo kapena anyakwawa.

Amake Mapasa:
Mukatero ndiye ndi nkhani ina. Wamkulu mwa atatuwo alemba Giredi 12 chaka chino. Ndingakonde wina amuthandize masamu, koma azibwera kunyumba kuno ndizimuona, osati kumuitanira kutauni.

Aphunzitsi Opuma:
Amake mapasa ali ndi mfundo inanso yomwe mwina sanaitchule. Ambiri olera ana a achibale sanapitepo ku ofesi ya Social Welfare, chifukwa kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, sufunsa boma kuti umutenge. N'zabwino, ndi mmene tinakulira. Koma zotsatira zake n'zakuti palibe pepala lililonse losonyeza kuti mwanayo ndi wamasiye kapena kuti akuleredwa ndi ena. Pa nthawi yopempha thandizo amafunsa umboni wa imfa ya makolo kapena kalata ya a Social Welfare, ndiye m'pamene banja limayamba kuthamanga, masiku atatha kale. Lamulo la ana la 2022, lija la Children's Code Act, linasonkhanitsa malamulo okhudza ana pamodzi, ndipo za kulera mwana amene si wako zili momwemo. Musaope ofesi imeneyo, siilanda ana mwa amai ngati inu. M'midzi muli makomiti a CWAC, aja amathandiza kulemba maina a Social Cash Transfer. Yambirani pomwepo.

Mnyamata wa Njinga:
Moni akuluakulu. Ndakhala ndikuwerenga chabe, ndinalowetsedwa pagulu ndi mnzanga. Ine vuto langa ndi reji. Ndili ndi zaka 20 koma ndilibe. Atate sindinawadziwe, amai anamwalira ndili wamng'ono, ambuya amene anandilera anamwaliranso chaka chapita. Kadi yanga ya kusikelo inapsera m'nyumba. Ndinyamula anthu panjinga ya munthu wina, madzulo ndimupatsa yake. Nambala ya foni iyi inalembetsedwa pa reji ya mnzanga, ndiye ndalama ikalowa ndiyenera kumupempha iye. Kuli mzungu wina wa katundu anafuna kundilemba ntchito yolondera, atafunsa reji basi zinathera pomwepo. Giredi 9 ndinakhoza koma sindinapitirize.

Wowotcherera wa ku Mchini:
Mng'ono wanga, usadandaule, njira imeneyo ndinaiyenda. Reji munthu amayenera kutenga ali ndi zaka 16, ine ndinatenga ndili ndi 21. Chofunika kwambiri ndi wachibale wa magazi amene ali ndi reji yake, woti akalumbire pa affidavit kuti akudziwa ndipo unabadwira kwakuti, mudzi wakuti, mfumu yakuti. Ganiza bwino: amai ako analibe mlongo kapena mchimwene wamoyo? Ngakhale amene simunaonane zaka khumi. Kalata ya anyakwawa a kumudzi kwa amai ako imathandizanso. Ndipo pepala lako la Giredi 9 usalitaye, pamenepo pali dzina lako monga linalembedwera ku ECZ, bungwe la mayeso. Dzina la pa reji lidzafanane ndi limenelo chilembo ndi chilembo. Ine ndinavutika miyezi yambiri chifukwa pepala lina linali ndi dzina la amai, lina la atate.

Mnyamata wa Njinga:
Alipo amalume ku Chadiza. Koma sitinalankhulane kuyambira pa maliro a ambuya. Panali mawu pa nkhani ya munda ndi malata a nyumba. Ndichita mantha kupita ndekha.

Wowotcherera wa ku Mchini:
Supita wekha. Tidzapita awiri. Sitikapita kukafunsa za munda, tikapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akakuimirire pa reji. Ine ndidzayamba kulankhula monga mlendo, iwe udzangopereka moni.

Wa ku Petauke:
Apa ndiye ndagonja pang'ono. K20 yanga sikanamugulira amalume mnyamatayu. Komabe ulendo wa ku Chadiza ufuna ndalama ya galimoto, ndipo tsiku limenelo njinga siyenda, mwini njinga adzafuna yake. Ndiye musandikanize kuponyapo.

Pa za munda ndi malata, ngakhale mwati simukazitchula, mnyamatayu adziwe kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limapereka theka kwa ana, 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Minda ya kwa amfumu ili ndi njira yake, koma katundu wa m'nyumba, ziweto ndi ndalama zili mu lamulolo. Ku polisi kuli a Victim Support Unit amene amamva nkhani zotere. Ndikunenera ena amene akuwerenga mwakachetechete.

Namwino wa ku Katete:
Ndifuna tibwerere kwa atsikana, chifukwa pali chinthu chomwe tikachibisa tidzalira. Ine ndili Giredi 11 kunabwera bambo wina wolemekezeka, akuti andithandiza za sukulu poti ndine wamasiye. Anayamba ndi mabuku, kenako sopo, kenako foni, kenako ankafuna ndizikatenga zinthuzo kunyumba kwake madzulo. Ndinathawa chifukwa mtsikana wina wa Giredi 12 anandikokera pambali n'kundiuza kuti iyenso anayambidwa chimodzimodzi. Mwana wopanda makolo anthu oipa amamununkhiza patali, adziwa kuti palibe atate odzabwera ndi ukali. Ndiye ngati tiyamba zimenezi, mtsikana phungu wake akhale mkazi, mnyamata akhale ndi mwamuna. Kukumana kukhale poyera, pakhomo pa olera kapena pa tchalitchi masana. Phungu asapereke ndalama kapena mphatso m'manja mwa mwana mobisa. Ndipo mwana aliyense adziwe munthu wachiwiri pagulu pano woti angamuuze ngati phungu wake wayamba zachilendo. Nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere, aliyense aidziwe pamtima.

Telala wa ku Kapata:
Izi ndiye zisasinthe ngakhale pang'ono. Zikomo anamwino potsegula chilonda chanu chifukwa cha ana a ena.

Mtsikana wa ku Magazine:
Ine ndili ndi funso koma ndichita manyazi. Ndinatenga mimba ndili Giredi 10, azakhali anakwiya n'kunditumiza kumudzi. Mwana ali ndi zaka ziwiri tsopano. Kodi za ine zinatha?

Namwino wa ku Katete:
Sizinathe, mng'ono wanga. Kuyambira 1997 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Ungathe kubwerera pomwe unali, kapena kupempha kusamukira kwina ngati uopa maso a anzako. Ndili nawo anzanga pantchito amene anadutsa momwemo. Chovuta chenicheni si ofesi ya ahedi, ndi funso loti mwana atsala ndi ndani m'mawa. Limenelo tikhale pansi ndi azakhali ako. Ndilembere kumbali, ndifuna ndimve zonse bwinobwino. Ndipo wina akakuuza kuti njira yatsala ndi kukwatiwa basi, usafulumire.

Aphunzitsi Opuma:
Ndionjezepo za amene analemba Giredi 12 koma sizinayende. Pa mayeso athu 1 ndi 2 ndi distinction, 3 ndi 4 merit, 5 ndi 6 credit. Makoleji ambiri ndi mayunivesite afuna ma credit asanu. Mwana akapeza 7 kapena 8 pa masamu kapena sayansi amaona ngati dziko lagwa, chonsecho angathe kulembanso phunziro limenelo lokha pa GCE, mayeso a olemba ali kunja kwa sukulu. Kumeneko kuli malipiro, ndiye thumba la akulu a ku Petauke lingagwire ntchito pamenepo. Ine masamu ndingaphunzitse kwaulere Loweruka m'mawa, ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, osapitirira, maso anga safikanso patali. Wa amake mapasa ndidzamuyendera kunyumba monga apempha.

Za HELSB ndinene poyera kuti ndi ngongole, si mphatso, idzabwezedwa munthu akayamba ntchito. Amalengeza nthawi yofunsira ndipo siikhala yaitali. Phungu ntchito yake ndi kutchera khutu, ndi kuonetsetsa kuti mapepala onse ali mu envelopu imodzi chilengezo chisanatuluke.

Wowotcherera wa ku Mchini:
Aphunzitsi, tisaiwalenso kuti si onse adzapita ku yunivesite ya UNZA kapena CBU. Ine ndinayamba ndi kugwirira mmisiri zitsulo ndi kupala dzimbiri. Patapita zaka ndinakalemba trade test ya TEVETA, ndipo pepala limenelo ndi lomwe linandipezetsa ntchito yoyamba ya mageti ndi mawindo pa nyumba yaikulu. Anyamata ambiri m'magalaja ndi mokhoma mipando ntchito aidziwa bwino koma alibe pepala, ndiye amalipidwa ngati ophunzira mpaka imvi. Komanso pali zina zomwe sukulu siphunzitsa. Kufika nthawi yake. Kuuza bwana kuti mawa sindibwera m'malo mongosowa. Kusakwiya ukadzudzulidwa. Ife okulira mwa ena tili ndi vuto limeneli: munthu akatikalipira pang'ono timamva ngati atithamangitsa, ndiye timathawa tokha asanatithamangitse. Ndinasiya ntchito ziwiri zabwino chifukwa cha zimenezo. Munthu amene anakula ndi atate ndi amai ake sangamvetse chifukwa chake mnyamata wasowa Lolemba atadzudzulidwa Lachisanu. Ine ndimvetsa, ndipo ndidziwa kumene ndingakamupeze.

Telala wa ku Kapata:
N'chifukwa chake ndinati akhale ife. Aphunzitsi ndi abusa atipatse nzeru, koma woyenda naye mwanayo akhale woti akamuuza kuti "ndimadya pomaliza" asafunse kuti chifukwa chiyani.

Wa ku Petauke:
Nanga phungu akatopa? Inu muli ndi makina osokera, awa ali ndi zitsulo, anamwino ali ndi mashifiti a usiku. Ana awa anasiyidwapo kale kamodzi kapena kawiri. Kuwalonjeza kenako n'kusowa pakatha miyezi iwiri, kuli bwino osayamba.

Namwino wa ku Katete:
Funso limenelo ndi lolemera ndipo ndilibe yankho lokwanira. Chomwe ndiona n'chakuti munthu asatenge ana awiri. Mmodzi basi. Ndipo asalonjeze kuti ndidzakhala mai wako kapena ndidzakulipirira koleji. Alonjeze chinthu chooneka: tidzapeza reji, tidzapereka fomu, ndidzakuimbira Lamlungu lililonse mpaka zotsatira zituluke. Chikatha chimenecho akambirane china. Akaona kuti zamukulira anene pagulu msanga, wina alowepo, ndipo akatsanzike kwa mwanayo pamaso, osati kungozimitsa foni.

Amake Mapasa:
Chinanso, musamawaitane kuti amasiye pamaso pa anthu. Anga atatuwa ndinaletsa mawu amenewo pakhomo panga. Mukabwera mudzati mwabwera kwa mwana wa amake mapasa.

Telala wa ku Kapata:
Tamva amai, ndipo tidzatero.

Woyang'anira Gulu:
Ndaona pali ena alemba kumbali kuti afuna phungu koma safuna kuonekera pano. Afika asanu ndi awiri, atsikana anayi, anyamata atatu. Ofuna kukhala aphungu amene anakulira mwa ena ndaona atatu chabe: atelala, awowotcherera ndi anamwino. Pakufunika ena, makamaka akazi a muno m'Chipata, poti anamwino ali ku Katete. Maina a ana sindiika pagulu. Ndipempha tikumane Loweruka likubwerali 14 koloko, malo ndidzatumiza kwa amene atsimikiza. Amake mapasa, tikupemphani mubwere, mudzatiphunzitse kaodiridwe ka pakhomo pa olera ana.

Amake Mapasa:
Ndidzabwera ndikachoka kudimba. Mwina ndidzachedwa pang'ono.

Telala wa ku Kapata:
Kamtsikana ka zipi kaja kabwera mawa kudzatenga siketi yake. Ndidzakapempha kandiperekeze kwa azakhali ake madzulo, ndikaodire. Aphunzitsi, ndilembereni mapepala onse ofunika kuti ndisakaiwale china.

Aphunzitsi Opuma:
Reji, pepala la zotsatira za Giredi 12, umboni wa imfa ya makolo onse awiri kapena kalata ya anyakwawa ngati anamwalirira kumudzi, ndi tizithunzi ting'onoting'ono. Kalata ya sukulu yomulandira idzabwera pambuyo akafunsira malo. Achite mafotokope, zenizenizo asasiye mu ofesi iliyonse.

Mnyamata wa Njinga:
Akulu a ku Mchini, ku Chadiza tipite liti? Lachitatu mwini njinga amapita nayo kumunda, ndiye ndimakhala chabe.

Wowotcherera wa ku Mchini:
Lachitatu lomwelo. Tikumane pokwerera magalimoto a ku Chadiza 6 koloko m'mawa. Tenga pepala lako la Giredi 9, uliike m'pulasitiki. Tidzagula shuga ndi sopo wa amalume tisanakwere, sitingafike manja lendelende.

Wa ku Petauke:
Ya galimoto ndi ya shuga ndatumiza kwa oyang'anira gulu. Mukafika mutiuze kuti amalume ati bwanji.